Kukhazika rauta kunyumba kuti intaneti isamakwawe

Kwa milungu itatu ndinakhala ndikuimbira foni kampani imene imandigulitsa intaneti, kuwauza kuti akundibera. Ndinkalipira liwiro la 20 Mbps, koma ndikakhala kuchipinda, kavidiyo ka mphindi ziwiri kankangozungulira osatseguka. Tsiku limene mmisiri wawo anabwera sanataye nthawi kukangana nane. Anatsegula kabati ya TV, n'kusolola rauta imene ndinaipanikiza kuseri kwa mabuku pofuna kubisa nthambo, n'kulumikiza laputopu yake ndi chingwe. Pa sikirini panatuluka 19 Mbps. Anaika rauta ija pamwamba pa kabati, n'kusasa fumbi m'manja, n'kumapita. Ine kakasi.

Intaneti imene kampani imafikitsa pakhomo panu ndi chinthu china, ndipo Wi-Fi imene rauta imamwaza m'zipinda ndi chinthu chinanso. Chimodzi chikhoza kukhala bwino chinzake chikudwala. Munthu wosasiyanitsa ziwirizi amagula rauta yodula pamene vuto lili ku kampani, kapena amakweza phukusi pamene chimene chikumuzunza ndi chipupa cha m'nyumba mwake momwe. Masitepe onse amene ali m'munsimu mutawatsatira, muzidziwa kumene mungaloze chala zinthu zikavuta.

Yambani mwadziwa chimene chikulowa m'nyumba

Intaneti imabwera m'njira zosiyana, ndipo njirayo ndi imene imakuuzani mtundu wa rauta yofunika. Ngati ndi ya faiba, amisiri amamanga kabokosi pakhoma kotchedwa ONT, ndipo kuchokera pamenepo chingwe chimapita ku rauta. Ngati ndi ya pa waya wa telefoni, pamafunika modemu ya DSL, imene nthawi zambiri imakhala m'bokosi limodzi ndi rautayo. Ngati ndi ya 4G kapena 5G, rauta yake imakhala ndi polowetsa SIM khadi. Funsani kampani yanu mafunso awiri musanagule kanthu: kodi bokosi limene apereka lili kale ndi Wi-Fi, ndipo kodi polumikiza pakufunika dzina ndi pasiwedi ya PPPoE, njira imene makampani ena amalowetsera rauta pa netiweki yawo? Yankho lachiwirili mulilembe penapake.

Ngati mukugula nokha, musatengeke ndi nambala yaikulu imene ili pa katoni. Rauta yolembedwa AC1200 sidzakupatsani 1200 Mbps pa foni yanu. Nambalayo anaipeza pophatikiza 300 Mbps ya mafunde a 2.4 GHz ndi 867 Mbps ya mafunde a 5 GHz, n'kuikweza pang'ono kuti imveke bwino, koma foni imagwiritsa ntchito mbali imodzi pa nthawi. Zoyenera kuyang'ana ndi zitatu: ikhale ya mafunde awiri, ikhale ya Wi-Fi 5 kapena Wi-Fi 6, ndipo mabowo ake a chingwe akhale a gigabit (1000 Mbps) ngati phukusi lanu lipitirira 100 Mbps. Marauta ena otchipa ali ndi mabowo a 10/100, ndipo ngakhale mutalipira 300 Mbps, chimene chingadutse pa bowo lotere sichifika pa 100.

Mukatulutsa rauta m'katoni, itembenuzeni. Kunsi kapena kumbuyo kwake kuli pepala lomata lokhala ndi dzina la netiweki, pasiwedi ya Wi-Fi, adiresi yolowera m'kati, ndi dzina ndi pasiwedi ya woyang'anira. Lijambuleni ndi foni panopa. Rauta ikadzakhomedwa pamwamba simudzafuna kukwera pampando n'kumawerenga tizilembo ndi tochi.

Malo oika rauta

Apa ndi pamene ndikhalitse, chifukwa palibe setingi ina iliyonse imene imasintha zinthu kuposa malo. Rauta ndi kawailesi kakang'ono. Mafunde ake amatuluka mbali zonse, ndipo amafooka akamapita patali komanso akamadutsa m'zinthu. Mukaiika pakona ya nyumba, gawo lalikulu la mphamvu yake likupita panja kukatumikira mphepo. Choncho funani malo a pakati pa zipinda zimene anthu amagwiritsiramo ntchito intaneti, osati pakati pa nyumba poyeza ndi tepi. Ngati ntchito yambiri imachitikira pabalaza ndi m'chipinda chimodzi, rauta ikhale pakati pa malo awiriwo.

Ikhale m'mwamba, pafupifupi pamtunda wa mutu wa munthu ataimirira, pa shelefu kapena pakhoma. Pansi pali mipando, miyendo ya matebulo ndi anthu, ndipo zonsezi zimatchinga. Ikhalenso poyera. Kabati yotseka, kuseri kwa TV, kunsi kwa bedi, onsewa ndi malo amene anthu timawakonda chifukwa amabisa nthambo, koma amatsamwitsa rauta kawiri: amatchinga mafunde, ndiponso amaisungira kutentha.

Si zipupa zonse zimene zimafanana. Chitseko cha matabwa mafunde amadutsa mosavuta. Njerwa zimadya gawo lalikulu. Konkire yokhala ndi zitsulo m'kati imadya kwambiri, moti zipupa ziwiri zotere zikhoza kumaliza mafunde a 5 GHz. Chitsulo ndiye chimabweza mafunde: firiji, chitseko chachitsulo, kabati ya mafailo, ngakhale kalilole wamkulu, poti kuseri kwa galasi lake kuli kachitsulo kopyapyala. Madzi nawo amamwa mafunde, ndiye thanki ya nsomba kapena ya madzi isakhale pakati pa inu ndi rauta. Pali chinanso chimene ambiri sachiganizira: mafunde akamadutsa chipupa mopingasa, amayenda m'njerwa mtunda wautali kuposa akamachiboola molunjika. Kusuntha rauta ndi mita imodzi yokha kuti iyang'anane ndi khomo la pakolido nthawi zina kumapulumutsa chipinda chonse.

Italikitseninso ndi maikulowevu. Uvuni wamtunduwu umagwira ntchito pa mafunde a pafupifupi 2.45 GHz, pakati penipeni pa mafunde a Wi-Fi a 2.4 GHz, ndipo wina akamatenthetsa chakudya mukhoza kuona vidiyo ikuima. Zipangizo za Bluetooth, matelefoni ena opanda chingwe ndi makamera ena oonera mwana nazonso zimalimbirana mafunde omwewo.

Milongoti ya rauta (ma antena) ikakhala yakunja, iimikeni chilili. Mlongoti woongoka umamwaza mafunde m'mbali mwake, osati kunsonga kwake, choncho kuuloza kuchipinda chimene mukufuna ngati mmene mumalozera ndi chala ndiye kulakwitsa kwenikweni. M'nyumba yosanja mukhoza kugoneka mlongoti umodzi kuti ena mwa mafunde akwere ndi kutsika.

Rauta ya SIM khadi ili ndi nkhani yakeyake, chifukwa imafuna zinthu ziwiri zokokana: kukhala pafupi ndi zenera kuti imve nsanja ya kampani, ndi kukhala pakati pa nyumba kuti ikufikireni. Zikakokana chonchi, nsanja ipambane. Yendani nayo zenera ndi zenera, mukuidikira mphindi imodzi kapena ziwiri pamalo aliwonse. Musadalire timizere ta pamwamba pake tokha; m'masetingi ake muli nambala yotchedwa RSRP. Ikakhala cha m'ma -80 zinthu zili bwino, ikatsikira ku -110 ndiye kuti ikumva movutikira. Ina ndi SINR, imene ikakwera ndiye kuti phokoso lachepa. Mukapeza zenera labwino, Wi-Fi ya m'nyumba mudzaikonza ndi njira imene ndifotokoze kutsogoloku.

Kulumikiza nthambo

Kumbuyo kwa rauta kuli bowo limodzi lolembedwa WAN kapena Internet, kawirikawiri la mtundu wosiyana ndi anzake, ndi mabowo ena olembedwa LAN. Chingwe chochokera ku modemu kapena ku ONT chilowe pa WAN. Kompyuta, TV ndi zina zilowe pa LAN. Mukachilowetsa muzimva kuti "tcha", kusonyeza kuti kapulasitiki kagwira.

Zimitsani modemu, dikirani theka la mphindi, iyatseni yokha kaye mpaka magetsi ake akhazikike, kenako yatsani rauta. Dongosololi lili ndi chifukwa: mamodemu ena amakumbukira chipangizo chimene analumikizana nacho poyamba, ndipo salandira chatsopano mpaka atazimitsidwa. SIM khadi ilowetsedwe rauta ili chizimire. Ngati pali chingwe cha faiba chopyapyala, musachipinde kapena kuchikhomera ndi msomali pakona; m'kati mwake ndi galasi. Gwiritsani ntchito chaja imene inabwera ndi rautayo. Ina ikhoza kulowa bwinobwino pa bowo koma mphamvu yake n'kukhala yochepa, ndipo rauta imayamba kumangozima n'kuyakanso yokha anthu akachuluka.

Kulowa m'kati mwa rauta

Lumikizani laputopu ndi chingwe pa LAN, kapena lowani pa Wi-Fi ndi dzina ndi pasiwedi za pa pepala lija. Tsegulani bulawuza, ndipo pamwamba polemba adiresi lembani manambala a pa pepalalo. Ambiri amakhala 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1, ndipo marauta a Huawei a SIM khadi amakonda 192.168.8.1. Lembani pa mzere wa adiresi weniweni, osati m'bokosi lofufuzira la Google. Ngati mukugwiritsa ntchito foni, zimitsani kaye data, chifukwa foni ikaona kuti Wi-Fi ilibe intaneti imathawira ku data mwakachetechete, tsamba la rauta osatseguka.

Mukalowa, pitani pa gawo la WAN kapena Internet. Ngati kampani sinakupatseni kalikonse, sankhani DHCP, imene ena amailemba kuti Dynamic IP, ndipo rauta idzilandirira yokha adiresi. Ngati anakupatsani dzina ndi pasiwedi, sankhani PPPoE n'kuzilemba ndendende, zilembo zazikulu ndi zazing'ono mmene zilili. Rauta ya SIM imafuna APN, dzina la khomo lolowera pa netiweki ya kampani, imene nthawi zambiri imadzilemba yokha. Ikapanda kutero, ifunseni ku kampani.

Musanachite china chilichonse, sinthani pasiwedi ya woyang'anira. Iyi ndi yosiyana ndi ya Wi-Fi. Ndi kiyi wa masetingi onse. Marauta ambiri akale ankabwera ndi "admin" ngati dzina komanso ngati pasiwedi, ndipo mndandanda wa mapasiwedi a kufakitale aliyense akhoza kuupeza. M'chaka cha 2016 pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai inkangoyesa mapasiwedi oterewa pa makamera ndi marauta padziko lonse, n'kusandutsa zipangizo zimene yalowamo kukhala gulu lake lankhondo. Mu Okutobala chaka chomwecho zipangizozo zinagwiritsidwa ntchito kuthira nkhondo kampani ya Dyn, imene inkathandiza kuti masamba ambiri azipezeka pa intaneti, ndipo Twitter, Netflix ndi masamba ena akuluakulu anasokonekera kwa maola. Eni ake a zipangizozo sankadziwa kanthu. Pamene muli pomwepo, zimitsani Remote Management, imene imalola munthu kulowa m'masetingi ali kunja kwa nyumba yanu.

Kenako funani polembedwa Firmware kapena Update ndipo ikani pulogalamu yatsopano ngati ilipo. Pa nthawi imeneyi musazule chaja; rauta imene yazima ili pakati polemba pulogalamu ikhoza osadzukanso. Ngati pali batani loti izidzikonza yokha, liyatseni.

Dzina la netiweki ndi pasiwedi yake

Pa gawo la Wireless sinthani dzina la netiweki, limene amalitcha SSID. Musalembepo dzina lanu kapena nambala ya nyumba. Kubisa dzinalo kuti lisamaoneke ndimakuona ngati kudzivutitsa chabe: wodziwa amalipeza m'kanthawi kochepa, pamene alendo anu ndi zipangizo zina zimavutika kulumikiza.

Pa chitetezo sankhani WPA3 ngati ilipo, kapena WPA2/WPA3 ngati muli ndi zipangizo zakale, kapena WPA2 yokhala ndi AES. WPA2 inayamba mu 2004, WPA3 mu 2018. WEP ndi loko wothyoka kalekale, ndipo TKIP, kuwonjezera pa kufooka, imagwetsa liwiro la Wi-Fi kufika pa 54 Mbps. Pasiwedi imaloledwa kukhala ya zilembo kuyambira 8 mpaka 63. Mawu anayi kapena asanu osagwirizana, ophatikiza ndi manambala, ndi ovuta kuwalota koma osavuta kuuza munthu pakamwa. Nambala yanu ya foni ndi tsiku lobadwa ayi.

Zimitsani WPS. Inapangidwa kuti anthu azilumikiza mosavuta ndi batani kapena ndi PIN ya manambala 8, koma kumapeto kwa 2011 kunadziwika kuti rauta imatsimikizira theka loyamba la PIN palokha, moti wakuba safunika kuyesa koposa maulendo 11,000. Kwa kompyuta imeneyo ndi ntchito ya maola ochepa.

Yatsani netiweki ya alendo, Guest Network. Mlendo amapeza intaneti osafika pa kompyuta kapena pulinta yanu, ndipo tsiku limene pasiwediyo yafalikira mpaka kwa anthu amene simukuwadziwa, mumangoisintha osakhudza zipangizo za m'nyumba. Ine makamera ndi timababu tanzeru ndimatiika komweko.

2.4 GHz kapena 5 GHz, ndi nkhani ya matchanelo

Mafunde a 2.4 GHz amafika patali ndipo amaboola zipupa bwino, koma ndi opanikizika ndipo liwiro lake ndi lochepa. A 5 GHz amathamanga, ali ndi malo ambiri, koma amatopa msanga pa zipupa. Lamulo langa ndi lapafupi: chilichonse chimene chili m'chipinda chimodzi ndi rauta kapena chipinda choyandikana chikhale pa 5 GHz, zakutali ndi tizipangizo tating'ono tomwe sitidziwa 5 GHz tikhale pa 2.4. Marauta atsopano amaphatikiza mafunde awiriwa pa dzina limodzi n'kumasankhira chipangizo chilichonse. Yambani mwasiya choncho. Mukaona laputopu ikukakamira pa 2.4 ili pafupi ndi rauta, apatseni maina awiri kuti muzisankha nokha.

Pa 2.4 GHz pali matchanelo (timisewu ta mafunde) 13 m'maiko ambiri, 11 ku United States, koma anayandikana kwambiri: atalikirana ndi 5 MHz pamene netiweki imodzi imatenga pafupifupi 20 MHz. N'chifukwa chake atatu okha, 1, 6 ndi 11, ndi amene sapondana. Anthu ena amaona kuti anansi adzaza pa 1 ndi 6, n'kuthawira pa 3 poganiza kuti apeza malo opanda munthu. Kumeneko ndiye kuipitsa. Marauta awiri a pa tchanelo chimodzi amamvana n'kumalankhula mosinthana. Wa pa 3 amangomva phokoso kuchokera mbali zonse ziwiri, nayenso n'kumasokosera anzake. Ikani pa foni ya Android pulogalamu yoonetsa manetiweki a pafupi, yang'anani kuti mwa 1, 6 ndi 11 ndi pati pamene pali anansi ochepa kapena ofooka, n'kukhala pamenepo. Channel Width ya 2.4 GHz ikhale 20 MHz.

Pa 5 GHz, 80 MHz imapereka liwiro labwino, ndipo m'nyumba zothithikana 40 MHz ikhoza kukhazikika bwino. Matchanelo 36 mpaka 48 savuta. Ena apamwamba amagawana mafunde ndi makina a radar, ndipo rauta ikamva radar imayenera kusamuka nthawi yomweyo, zimene inu mumaziona ngati Wi-Fi yaduka kwakanthawi.

Kuyeza liwiro moona mtima

Tsopano chitani zimene mmisiri uja anachita. Lumikizani laputopu ndi chingwe pa LAN, zimitsani Wi-Fi ya laputopuyo, pemphani a m'nyumba aleke kaye kuonera mavidiyo, zimitsani VPN ngati muli nayo, ndipo tsegulani Speedtest ya Ookla kapena Fast.com ya Netflix. Yezani katatu. Nambala imeneyo ndiye intaneti imene kampani ikukupatsani. Ilembeni. Kenako zulani chingwe, yezani pa Wi-Fi mutaima pafupi ndi rauta, ndiyeno m'chipinda chilichonse. Ngati pa chingwe pali bwino koma kuchipinda kuli koipa, vuto ndi la m'nyumba mwanu. Ngati pa chingwe pomwe pali poipa, kusuntha rauta ya faiba sikungathandize.

Bwerezani m'mawa ndiponso madzulo. Liwiro likamakhala labwino m'mawa n'kumagwa madzulo aliwonse ngakhale pa chingwe, ndiye kuti anthu achuluka pa njira ya kampani kapena pa nsanja, ndipo palibe batani la m'rauta yanu limene lingachotse anthuwo.

Pali chisokonezo china chimene chimakwiyitsa anthu pachabe. Makampani amagulitsa liwiro mu Mbps, ya b wamng'ono, pamene bulawuza ikamatsitsa failo imaonetsa MB/s, ya B wamkulu. MB imodzi ndi ma Mb 8. Phukusi la 20 Mbps likamatsitsa failo pa 2.5 MB/s ndiye kuti likugwira ntchito mokwanira, ndipo failo ya 1 GB itenga pafupifupi mphindi 7. Mwinanso simukusowa liwiro lalikulu mmene mukuganizira: Netflix imanena kuti 5 Mbps ndi yokwanira vidiyo ya 1080p, ndipo 15 Mbps ya 4K. Werengani anthu amene amaonera nthawi imodzi, n'kuphatikiza.

Mukaona kuti phukusi lanu ndi lalikulu koma pa chingwe nambala ikungoima pa 94 kapena 95, kayikirani chingwecho. Chingwe cha netiweki chili ndi timawaya 8. Gigabit imafuna tonse, pamene 100 Mbps imangofuna 4, choncho kamodzi kakaduka m'kati, mwina chifukwa chopanidwa ndi chitseko, zipangizo zikhoza kungotsikira pa 100 osakuuzani. Zinandichitikira ndi chingwe chimene kunja chinkaoneka chatsopano. Cat5e kapena Cat6 ndi yokwanira, ndipo imanyamula gigabit mpaka mamita 100.

Mphamvu ya Wi-Fi imayezedwa mu dBm, ndipo pulogalamu ija yoonetsa matchanelo imaionetsanso. Manambala ake ali ndi kamzere kutsogolo, ndiye wamng'ono ndiye wabwino: -50 ndi yamphamvu, cha m'ma -67 ikadali yokwanira kuimba foni ya vidiyo, ikafika -80 yatsala pang'ono kuduka. Yendani ndi foni m'nyumba mukuyang'ana nambalayo, mudzaona ndi maso anu chipupa chimene chikukudyerani.

Zimene zimadya liwiro mobisa

Nthawi zina Speedtest imaonetsa nambala yabwino, koma foni ya vidiyo ikuduladula ndipo masamba akuchedwa kutseguka. Yang'anani nambala ya ping, imene imaonetsa nthawi imene uthenga umatenga kupita ndi kubwerera. Kawirikawiri wolakwa ndi kutumiza, osati kutsitsa. Njira yotumizira imakhala yopapatiza m'maphukusi ambiri, ndipo foni imodzi yokha ikayamba kukweza zithunzi ndi mavidiyo ku Google Photos kapena iCloud imaidzaza yonse. Mauthenga ena onse amaima pamzere m'rauta kudikira, ngakhale timauthenga tating'ono tongotsimikiza kuti zotsitsa zafika. Vutoli amalitcha bufferbloat. Ngati rauta yanu ili ndi SQM kapena QoS, masetingi oyendetsa mzere wa mauthenga, lembanimo liwiro locheperako pang'ono kuposa limene munayeza pa chingwe, cha m'ma 90 pa 100 alionse. Mumataya kagawo kakang'ono ka liwiro, koma mzere uja umatha.

Tsegulaninso mndandanda wa zipangizo zolumikizidwa, umene umalembedwa Connected Devices kapena DHCP Clients, n'kuziwerenga. Musathamangire kukwiya mukaona dzina lachilendo, poti mafoni a masiku ano amasintha nambala yawo ya MAC, imene rauta imazindikirira chipangizo, ndipo foni imodzi ikhoza kuoneka kawiri. Koma chiwerengero chikapitirira kwambiri, sinthani pasiwedi, onse alowenso mwatsopano.

Chilichonse chimene sichisuntha, monga TV, kompyuta ya patebulo ndi makina a magemu, chipatseni chingwe. Pa Wi-Fi zipangizo zimalandirana mpata wolankhula, ndiye chilichonse chimene mwachotsapo chimasiyira mafoni malo. Kusintha DNS, imene imamasulira maina a masamba kukhala maadiresi, kuika 1.1.1.1 ya Cloudflare kapena 8.8.8.8 ya Google kukhoza kufulumizitsa kutseguka kwa masamba ngati ya kampani yanu ili yaulesi, koma sikuwonjezera Mbps ngakhale imodzi, kaya wina akuuzeni zotani.

Rauta imodzi ikalephera kufika paliponse

Mwasuntha, mwasintha tchanelo, koma chipinda chakumapeto chikadali pa -80. Njira yabwino kuposa zonse ndi kukoka chingwe kuchokera pa LAN ya rauta kukafika kumeneko, n'kuikako rauta yachiwiri. Ngakhale yakale imene ili m'dirowa imagwira ntchito. Iikeni pa Access Point Mode, kuti izingomwaza Wi-Fi osalamulira netiweki. Ngati ilibe, zimitsani DHCP yake, ipatseni adiresi yosiyana ndi ya yoyamba, ndipo chingwe chilowe pa LAN, osati pa WAN. Dzina ndi pasiwedi zikhale zofanana ndi za yoyamba, tchanelo chokha ndiye chisiyane. Mukaiwala kuzimitsa DHCP, marauta awiri amayamba kulimbirana kugawa maadiresi, ndipo zipangizo zimalumikiza koma intaneti osayenda.

Nkhani yofanana imabuka mukagula rauta yanu n'kuilumikiza kuseri kwa ya kampani. Imodzi yokha ndiyo iyenera kulamulira. Ya kampani muiike pa Bridge Mode, kuti izingodutsitsa intaneti, kapena yanuyo ikhale access point, ndipo Wi-Fi ya imene simukuigwiritsa ntchito izimitsidwe kuti isamasokose.

Ripita, kabokosi kolowetsa pa soketi kaja, ndi yosavuta koma ili ndi mtengo wake wobisika. Yokhala ndi wailesi imodzi imamvetsera n'kubwerezanso pa mafunde omwewo, choncho liwiro limatsika pafupifupi ndi theka. Cholakwika chachikulu ndi kuiika m'chipinda chimene mulibe Wi-Fi. Singabwereze zimene sikuzimva. Ikhale pakatikati, pamene mafunde akadali amphamvu. Mesh, imene ndi mabokosi awiri kapena atatu opangidwa kuti azigwirira limodzi, imachita bwino kuposa ripita, makamaka mabokosiwo akalumikizidwa ndi chingwe. Palinso timabokosi ta powerline todutsitsa intaneti m'mawaya a magetsi a m'nyumba. Nyumba ina timachita zodabwitsa, ina timakana, malinga ndi mmene mawaya anayendera, ndipo timafuna kulowa pa soketi ya pakhoma, osati pa ekisitenshoni.

Zikavuta

Rauta ikafunda kwambiri imayamba kuchita ulesi, choncho musaiphimbe ndi nsalu yokongoletsa kapena kusanjikapo dikoda, ndipo muzipukuta fumbi pa timabowo take topumira. Ilowetseni pa chotetezera magetsi obwera mwamphamvu, ndipo ngati magetsi amaduka kawirikawiri, ka UPS (kabokosi ka batire) kakang'ono kogwirizana ndi mavolti olembedwa pa chaja kamaisunga ili moyo kwa maola. Kumbukirani kuti ONT kapena modemu nayonso ikufuna magetsi, apo ayi mudzakhala ndi Wi-Fi yodzaza timizere yopanda intaneti.

Kuzimitsa ndi kuyatsanso n'kosiyana ndi Reset. Koyambako sikufufuta kanthu. Reset ndi kabatani kobisika m'kabowo, kamene mumakadina ndi kawaya kwa masekondi pafupifupi 10, ndipo kamabwezera rauta mmene inachokera kufakitale: dzina, mapasiwedi, PPPoE, zonse zimapita. Musanafike pokadina, pitani pa Backup m'masetingi n'kusunga failo ya zonse zimene mwakonza lero.

Intaneti ikaduka, yang'anani magetsi a pa mabokosi musanagwire chilichonse. Pa ONT, getsi lofiira pa LOS likutanthauza kuti kuwala kwa faiba sikukufika, ndipo pamenepo palibe chimene mungachite m'masetingi. Kawirikawiri ndiye kuti chingwe chaduka kapena chapindika penapake. Getsi la DSL likamangophethira ndiye kuti modemu ikulephera kugwirana ndi makina a kampani. Mukamawaimbira, khalani ndi pepala m'manja: tsiku, nthawi, liwiro la pa chingwe m'mawa ndi madzulo, ping, ndi mtundu wa getsi limene layaka. Yambani ndi mawu akuti mwayeza pa chingwe, Wi-Fi ili chizimire, ndipo mwazimitsa kale n'kuyatsanso mabokosi onse awiri. Pemphani nambala ya dandaulo lanu, muilembe pa pepala lomwelo.